Kasamalidwe ka pulagi ya mfuti ya gogodela kuti moto uzifika pa wonga

Mfuti ya gogodela ikakana kulira, anthu ambiri amathamangira kunena kuti wonga wanyowa kapena primer (kachitsulo kakang'ono kamene kamaphulika kakamenyedwa ndi pini n'kuyatsa wonga) ndi yachabechabe. Nthawi zambiri ziwirizi zimakhala zilibe mlandu. Vuto limakhala m'kachitsulo kamene kamatseka paipi ya mfuti kumbuyo, kamene opanga mfuti amati breech plug, ndipo pano tizingoti pulagi. Moto wonse woyatsa wonga umadutsa m'kati mwa kachitsulo kameneka, m'njira yopapatiza kwambiri. Njirayo ikatsekeka ndi mwaye, mafuta kapena chinyezi, ngakhale paipi ikhale yonyezimira bwanji, mfuti silira.

Mfuti zimene ndikunena pano ndi za ku fakitale, zija alenje a ku United States ndi Canada amasakira agwape ndi elk (nyama yonga gwape koma yaikulu) pa nyengo imene boma limapatulira mfuti zothirira wonga kukamwa. Amapanga ndi makampani monga CVA, Traditions, Thompson/Center ndi Knight, ndipo zambiri ndi za .50 caliber, kutanthauza kuti bowo la paipi ndi lotakata theka la inchi. Mtundu umene wafala lero, wotchedwa inline, unatchuka Tony Knight atatulutsa mfuti yake ya MK-85 mu 1985. Mu mfuti zoterezi primer imakhala kumbuyo kwenikweni kwa wonga, pa mzere umodzi ndi paipi, ndipo pulagi imamasulidwa ndi mwini mfuti. Gogodela wosula kumudzi ndi paipi wamba, uja alonda a m'nkhalango zotetezedwa amalanda kwa opha nyama mozemba, salowa m'nkhani ino. Ameneyo ngakhale mumutsuke chotani sakhala wodalirika, ndipo amatha kuphulikira mwini wake kumaso. Komanso ku Malawi kuno kusunga mfuti ya mtundu uliwonse popanda chilolezo ndi mlandu.

Njira imene moto umadutsa

Musanagwire sipanala, dziwani zimene zili m'kati mwa pulagi. Kumbuyo kwake kuli kachibowo kokhalamo primer. Mfuti zambiri za inline zimagwiritsa ntchito primer ya 209, yomwe ija imakhala m'makatiriji a shotgun. Kuchokera pamenepo pali ngalande yopita kutsogolo, yotakata pafupifupi mamilimita atatu. Ngalandeyo ikamatha pali kabowo kakang'ono zedi, ka pakati pa mainchesi 0.028 ndi 0.032 pa mapulagi ambiri atsopano, kutanthauza kosafika ndi milimita imodzi yomwe. Mukadutsa kabowoko mwafika pankhope pa pulagi, pamene wonga umatsamira. Kunja kwa pulagi kuli mizere yopotera, mathiredi, imene imagwirana ndi ya m'paipi.

Ngalande ija ili ndi ntchito yake. Primer ikaphulika imatulutsa mpweya wamoto wambiri nthawi imodzi, ndipo ngalandeyo ndiyo imausunga n'kuupanikizira pa kabowo. Ikachepa chifukwa cha mwaye, moto umasowa kopita, wina umabwerera kumbuyo, ndipo wofika pa wonga umakhala wofooka. Kabowo nako kali ndi ntchito ziwiri: kulowetsa moto, ndi kutchinga mphamvu ya wonga kuti isabwerere yonse kumbuyo. N'chifukwa chake sikafunika kutsekeka, komanso sikafunika kukula.

Mwaye wa mu pulagi umachokera mbali ziwiri. Wa kunkhope ndi wa m'mathiredi umachokera ku wonga. Wonga wakuda, wosakaniza saltpetre, makala ndi sulufule, ukapsa umasiya zotsalira zoposa theka la kulemera kwake, ndipo zotsalirazo zimakoka chinyezi cha mumpweya n'kuyambitsa dzimbiri usiku umodzi wokha. Koma wa mu ngalande umachokera makamaka ku primer, ndipo ndi wouma gwa, ngati nkhoko zokakamira pansi pa mphika. Madzi sausungunula bwino, bulashi siufikira. Uwu ndiwo umapusitsa anthu ambiri, chifukwa ukasuzumira pulagi pa dzuwa kuwala kumaoneka ndithu, munthu n'kumati zonse zili bwino, pamene ngalande yatsala theka.

Zofunika kukhala nazo pafupi

Sonkhanitsani sipanala kapena soketi imene inabwera ndi mfuti, biti ya dirilo yolingana ndi ngalande ya pulagi yanu, kawaya kotokosera kabowo, mswachi wakale, bulashi yotsukira mathiredi a m'paipi, tinsanza toyera ta thonje, kabotolo kokhala ndi chivundikiro, girisi wa pulagi, sipiriti, tochi ndi magalasi oteteza maso. Buku la mfuti yanu likhalenso pomwepo, chifukwa mapulagi amasiyana ndipo mawu omaliza ndi a amene anapanga mfutiyo.

Choyamba, tsimikizani kuti mulibe kanthu

Mfuti ya gogodela siionetsa kuti ili ndi wonga. Ilozetseni kumene kulibe munthu, itseguleni, chotsani primer. Kenako lowetsani ndodo yotsindirira m'paipi mpaka igunde pansi. Mwini mfuti aliyense ayenera kukhala ndi zizindikiro ziwiri pa ndodo yake, china chosonyeza pamene imalekezera mfuti ikakhala yopanda kanthu, china pamene imalekezera ikakhala yodzaza. Ngati mulibe zizindikirozi, lembani lero lomwe. Pochita zimenezi musaike nkhope kapena chikhatho pamwamba pa kamwa la mfuti.

Mukapeza kuti muli wonga, musadandaule. Primer ili kunja, masulani pulagi, khuthulirani wongawo m'madzi, ndipo kankhani chipolopolo ndi ndodo kuchokera kumbuyo mpaka chitulukire kukamwa. Pamalopo pasakhale moto, fodya kapena mbaula.

Kumasula pulagi

Mapulagi akale amafuna soketi. Ikhazikeni bwinobwino mpaka pansi musanapotoze, chifukwa soketi yogwira theka imadya makona a pulagi, ndipo makona akatha ntchito yakula. Atsopano ambiri amamasuka ndi zala. Ya CVA yotchedwa QRBP ili ndi mutu wokhakhala woti mugwire ndi dzanja, Accelerator ya Traditions imatuluka mukaizunguza katatu, ndipo Speed Breech XT ya Thompson/Center imangofuna kupotoza pang'ono, kota ya mzunguliro, n'kuikoka. Kumasuka msanga kumeneku kusakunamizeni kuti mapulagi amenewa safuna kutsuka. Ngalande yake imadzaza mwaye chimodzimodzi.

Pulagi ikatuluka, iyang'aneni musanaitsuke, chifukwa litsiro lake limakuuzani zambiri. Mwaye ukakhala pankhope pokha ndi pa mathiredi awiri kapena atatu oyamba, ndiye kuti ikutseka bwino. Ukakhala kuti wayenda mathiredi onse mpaka kumbuyo, mpweya ukudutsa, mwina chifukwa pulagi sinamangidwe mpaka kufika pamalo pake, kapena pamene imakhala m'paipi pali zotsalira zakale.

Kuviika, malinga ndi wonga umene mumagwiritsa ntchito

Apa ndi pamene anthu amasokoneza. Wonga wakuda weniweni, komanso mitundu ya wonga yolowa m'malo mwake yotchedwa Pyrodex ndi Triple Seven, zimasiya mchere umene umasungunuka m'madzi. Pa zimenezi, ponyani pulagi m'kabotolo ka madzi otentha othira sopo pang'ono, kapena m'mankhwala otsukira mfuti za wonga wakuda, tsekani, khutchumulani, ndi kuisiya mphindi 15 kapena 20 pamene mukutsuka paipi. Mafuta otsukira mfuti wamba sachotsa mchere umenewu. Amangoukuta pamwamba, dzimbiri n'kumadya pansi.

Blackhorn 209, wonga wina umene unatuluka mu 2008, ndi yosiyana. Imeneyi opanga ake amati muzitsuka ndi mankhwala a mafuta omwe aja otsukira mfuti za makatiriji, osati madzi. Ndiponso ndi wonga wovuta kuyaka kuposa ena onsewa. Imafuna primer ya 209 yamphamvu zonse, monga Federal 209A kapena CCI 209M, osati maprimer ofooketsedwa dala amene amagulitsidwa kuti ndi a mfuti za gogodela. Imafunanso pulagi yoyenera, n'chifukwa chake CVA imagulitsa pulagi yapadera ya wonga umenewu, yokhala ndi nkhope yolowa m'kati kuti wonga uyandikire moto. Ngati mumagwiritsa ntchito Blackhorn 209, zonse zimene ndikunena za ngalande zikukukhudzani kawiri, chifukwa primer yamphamvu imasiya mwaye wambiri, ndipo wongawu sukhululuka moto wofooka.

Kupala ngalande

Ntchito yeniyeni ya nkhani yonseyi ndi iyi, ndipo ndi imene ambiri amaidumpha.

Tengani biti ya dirilo yolingana ndi ngalande. Mapulagi ambiri amalola biti ya 1/8 inchi, imene ndi mamilimita 3.2, koma ena ngalande yawo ndi yocheperako, ya mamilimita atatu, ena ndi yokulirapo. Njira yabwino yodziwira ndi kuyesa pa pulagi yatsopano imene sinawombepo. Biti imene ikulowa yokha popanda kukakamiza, komanso popanda kugwedera, ndiyo yanu. Isungeni m'bokosi la mfuti, isakasokonekere ndi zida zina.

Bitiyi muziizunguza ndi zala basi. Musaimange pa dirilo ya magetsi ngakhale tsiku limodzi. Cholinga ndi kupala mwaye, osati kudya chitsulo. Kulungani tepi kumchira kwa biti kuti zala zigwire bwino, gwirani pulagi mbali ya primer italoza pansi, lowetsani biti kuchokera ku kachibowo ka primer, ndi kuyamba kuzunguza pang'onopang'ono. Poyamba mumva kukhakhala, ngati ikuluma mchenga, ndipo fumbi lakuda liyamba kugwera pa nsanza. Itulutseni, pukutani, gogodani pulagi pa thabwa, bwerezani. Nthawi zina mwaye umakhala wolimba moti mumaganiza kuti mwafika pa chitsulo pamene mudakali pakati. Ikani chizindikiro cha tepi pa biti chosonyeza kuya kwa ngalande ya pulagi yoyera, kuti muzidziwa ngati mwafikadi pansi. Mukafika, biti imazungulira mosalala ndipo sipagwanso kanthu. Lekerani pomwepo, musakankhe.

Munthu amene akuchita izi koyamba pa pulagi imene yawomba nyengo yonse amadabwa ndi mulu wa fumbi umene umatuluka m'kachitsulo kakang'ono chonchi. Ine ndimaona kuti ndi bwino kupala nthawi iliyonse mukatsuka mfuti, ndipo ngati mukuwomba kwambiri pa bwalo loyeserera, palani ngakhale pakati pa tsiku. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Kachibowo ka primer nako kapukuteni ndi kansanza kokulunga pa kamtengo, makamaka pansi pake pamene primer imatsamira. Mwaye ukaunjikana pamenepo primer siikhala bwino, mfuti imavuta kutseka, kapena primer imakanirira mukatha kuwomba.

Kabowo kakang'ono

Kabowo aka kamafuna ulemu. Katokoseni ndi kawaya kochepa kuposa kabowoko, monga kaja kamabwera ndi zida za mfuti, kapena tiwaya tija owotcherera zitsulo amatsukira kamwa la tochi ya gasi. Tiwaya ta owotchererati timakhala tokhakhala m'mbali, choncho sankhani kochepa, kalowetseni kamodzi kapena kawiri, basi. Mukamakapekesa ngati tupa mukukulitsa bowo ndi manja anu. Singano yaikulu, msomali kapena biti musayese n'komwe.

Ngakhale musamale chotani, kabowoka kamakula kokha. Nthawi iliyonse mfuti ikalira, mpweya wotentha umadutsapo mwamphamvu n'kumadya chitsulo pang'onopang'ono. Alenje ambiri amasintha pulagi kabowo kakafika cha m'ma 0.035 inchi. Ngati muli ndi tizitsulo toyezera mabowo, yezani. Ngati mulibe, ikani pulagi yakale pambali pa yatsopano, muunike ndi tochi. Bowo lakutha limaoneka lalikulu, ndipo nthawi zambiri silikhalanso lozungulira bwino. Zizindikiro zina ndi izi: primer ikutuluka yakuda bii m'mbali monse, ikutupa kapena kukanirira, mwaye ukuchuluka pa pini yomenya primer, ndipo zipolopolo zimene kale zinkagwera pamodzi zayamba kumwazikana popanda chifukwa. Mapulagi ena ali ndi kasikuluwu kokhala ndi kabowoko, kamene mumangosintha kokhako. Amene alibe, gulani pulagi ina. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ulendo wokasaka umene wawonongeka, ndipo mlenje wanzeru amakhala ndi yapadera m'thumba, yopakidwa kale girisi, yokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki. Pogula onetsetsani kuti ndi ya mtundu weniweni wa mfuti yanu. Pulagi yongofanana maonekedwe ndi ngozi, chifukwa ndi chitsulo chimenechi chimene chimaima pakati pa moto ndi diso lanu.

Mathiredi, a pulagi ndi a m'paipi

Tsukani mathiredi a pulagi ndi mswachi mpaka girisi yense wakale achoke. Yang'anani ngati pali mzere wophwanyika, wosweka kapena wodyeka ndi dzimbiri. Ngati ulipo, pulagiyo yatha ntchito.

Anthu amaiwala mathiredi a m'paipi. Lowetsani bulashi yake kuchokera kumbuyo, zunguzani, kenako kulungani kansanza pa bulashiyo ndi kubwereza mpaka kansanza katuluke koyera. Unikani ndi tochi pamene nkhope ya pulagi imakafika. Pamenepo pamakhala kaphewa kamene pulagi imatsamira kuti itseke mpweya, ndipo kachidutswa kamodzi ka mwaye kangathe kuilepheretsa kukhala pansi. Pamene pulagi ili kunja, tsukaninso paipi yonse. Amene amagwiritsa ntchito Triple Seven ayang'ane kamkombero kolimba kamene wongawu umakonda kusiya patsogolo pang'ono pa pulagi, pamene chipolopolo chimakhala. Kamkombero kameneka kamatsekereza chipolopolo kuti chisafike pa wonga, ndipo mpata pakati pa wonga ndi chipolopolo ungathe kutupitsa kapena kuphulitsa paipi.

Kuumitsa

Tsukuluzani pulagi ndi madzi otentha ngati munaiviika m'madzi, kuti chitsulo chitenthe ndi kuuma msanga. Kenako tsirani sipiriti mu ngalande kuti ipitikitse madzi otsala, kapena kuchotsa mafuta ngati munatsuka ndi mankhwala a mafuta. Uzirani mpweya wa pampu kapena wa m'chitini. Pakamwa musauzire, mpweya wa munthu ndi wonyowa. Mukatero suzumirani pa kuwala. Muyenera kuona kadontho kowala kozungulira bwino, kopanda ulusi kapena kachitsotso.

M'kati mwa pulagi musathiremo mafuta ngakhale dontho. Ndikudziwa kuti munthu wokonda zitsulo zake dzanja limamuyabwa kuti apake mafuta paliponse, koma pano mafuta ndi mdani. Amazimitsa moto wa primer, amanyowetsa wonga umene uli pankhope, ndipo akapsa pamodzi ndi wonga wakuda amasanduka phula lomata.

Girisi ndi kumanga

Pa mathiredi pokha ndi pamene pafunika girisi, ndipo akhale wopirira moto: wa pulagi amene amagulitsa ogulitsa mfuti, kapena anti-seize uja amakanika amapaka pa mabawuti a ekizozi. Mafuta wamba a mfuti amapsa n'kusiya pulagi itagwirana ndi paipi. Pakani ndi chala kapena kabulashi kuti alowe m'mizere monse, koma asachuluke. Girisi wochuluka amafinyikira kutsogolo mukamamanga, n'kukafika pankhope ndi pa kabowo. Mukatha kupaka pukutani nkhope ndi kansanza kouma, suzumiraninso kabowo.

Ena m'malo mwa girisi amakulunga tepi yoyera ija mapulambala amakulunga pa mapaipi a madzi. Imagwira ntchito ndithu pa mapulagi a mathiredi athunthu, ndipo manja sada. Ikulungeni kamodzi, motsatira kumene pulagi imazungulira pomanga kuti isafumuke, ndipo isalendewere pa kabowo. Koma ngati buku la mfuti yanu likunena girisi, tsatani buku. Pa mapulagi opotoza kota ya mzunguliro tepi siyenera.

Yambani kumanga ndi zala. Ikalimba isanalowe mizere iwiri, yapingasa, bwezani muyambenso. Pitirizani mpaka ikhale pansi. Ya soketi ingofunika kuikhwimitsa pang'ono ikafika, osati kuikanikiza ndi thupi lonse. Yomanga ndi zala imangidwe mpaka pamapeto penipeni. Mfuti yothyola pakati ikamavuta kutseka mutabwezera pulagi, musaimenye kuti itseke. Kawirikawiri ndiye kuti pulagi sinafike, masulani muone chimene chatsekereza.

Musanathire wonga

Mfuti imene yakhala m'nyumba imakhala ndi mafuta m'paipi, ndipo ngati inaimikidwa kamwa kuloza kumwamba, mafutawo anatsikira pa pulagi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene mfuti yotsukidwa bwino imakanira kuwomba koyamba, kumene kulinso kuwomba kofunika kwambiri kwa mlenje. Choncho pukutani paipi ndi kansanza ka sipiriti, kenako kouma. Mukatero, muli panja pamalo ololedwa, mfuti ilibe wonga, ikani primer yokha, lozetsani kamwa pa udzu kapena tsamba louma lili pansi, pafupi ndithu, ndi kukhethemula. Udzu ukagwedezeka ndiye kuti njira ya moto ndi yotseguka kuyambira ku primer mpaka kukamwa. Chitani kawiri kapena katatu kuti mafuta otsala apse. Udzu ukapanda kugwedezeka musathire wonga, bwererani ku pulagi.

Pothira wonga womwazika, pendeketsani mfuti pang'ono ndi kumenya paipi m'mbali ndi chikhatho kuti wonga ukhazikike pankhope pa pulagi. Tsindirani chipolopolo mpaka chikhale pa wonga, ndipo onani chizindikiro cha pa ndodo. Primer imalowa pomaliza. Wonga wopanda utsi, uja wa m'makatiriji a mfuti zamakono, usalowe mu mfuti imene sinapangidwire wonga umenewo, ngakhale pang'ono pokha. Pulagi ndi paipi sizingapirire mphamvu yake.

Ngati mukuwomba kambirimbiri pa bwalo, muzimasula pulagi pang'ono n'kuimanganso mukawomba kangapo, mfuti ili yopanda kanthu. Zimenezi zimathyola mwaye usanaume m'mathiredi.

Kuzizira ndi mvula

Nyengo ya mfuti zimenezi m'madera ambiri a kumpoto kwa America imagwa m'miyezi yozizira, ndipo chinyezi chimalowa m'njira imene munthu saiganizira. Mfuti imene yakhala panja pozizira tsiku lonse mukailowetsa m'nyumba yofunda imachita thukuta, kunja ndi m'kati momwe, ndipo madziwo amatsikira pa wonga ndi mu pulagi. Ngati mukufuna kuisiya yodzaza mpaka mawa, ndipo malamulo a dera lanu akulola, chotsani primer, ikani chizindikiro choonekera kuti muli wonga, ndi kuikhomera pamalo ozizira pamene ana sangafike. Kukamwa matanipo tepi ya magetsi kuti mvula isalowe. Mpweya umene umatsogola chipolopolo umaichotsa yokha. Koma ngati mwayenda mu mvula tsiku lonse, musachite mwayi. Tulutsani zonse madzulo, umitsani pulagi, mawa muthire wonga watsopano.

Ikachedwa kapena ikakana

Mukakhethemula, primer n'kulira koma mfuti osalira, musasunthe. Ikhalebe paphewa, italoza komwe munalozako, kwa mphindi yathunthu kapena kuposerapo. Moto umatha kunyeka mwakachetechete mu wonga wonyowa n'kudzaphulika mochedwa, ndipo anthu avulala chifukwa chotsitsa mfuti msanga kuti aone chavuta n'chiyani. Nthawiyo ikatha chotsani primer yakufayo, tsindiraninso chipolopolo chifukwa mphamvu ya primer yokha imatha kuchisuntha n'kusiya mpata, kenako yesani ndi primer ina. Ikakananso, dikiraninso, chotsani primer, masulani pulagi ndi kutulutsa zonse.

Kuchedwa kwakung'ono, kuja mumamva phokoso la primer kenako la wonga motsatana, musakunyozere poti mfuti yalira ndithu. Ndi chenjezo loti ngalande yayamba kutsekeka.

Pulagi ikakanirira

Izi zimachitika mfuti ikagona yosatsuka kapena ikamangidwa popanda girisi. Tsimikizani kaye ndi ndodo kuti mulibe wonga. Chotsani paipi pa thupi la mfuti ngati zimatheka, tsekani kachibowo ka primer, imikani paipi kamwa kuloza kumwamba, ndi kuthiramo mafuta omasulira zitsulo zadzimbiri okwanira kumiza nkhope ya pulagi. Isiyeni usiku wonse, ngakhale masiku awiri. Madzi owira othira m'paipi amathandizanso, chifukwa amasungunula mchere wa wonga ndi kutenthetsa chitsulo. Kenako panani paipi pa vayisi yoyalidwa chikopa kapena matabwa, gwiritsani ntchito soketi ya makona asanu ndi limodzi yokwana bwino, ndi kukoka mosadzidzimutsa. Ikasuntha pang'ono, ibwezeni, muipititsenso, kuti mafuta alowe. Moto wa gasi musauyandikize. Ikakana zonsezi pitani nayo kwa wokonza mfuti makona asanathe.

Mfuti za kale, za kapu ndi za mwala

Pa mfuti zoyatsira m'mbali, monga zija zotengera mfuti yakale ya ku America yotchedwa Hawken, ndi za mwala (zoyatsa wonga ndi moto wothetheka mwala ukamenya chitsulo) zimene alenje a ku Pennsylvania amasakira agwape pa nyengo yawo imene imayamba Khirisimasi ikangopita, pulagi inamangidwa ku fakitale mwamphamvu ndipo si yoti muzimasula potsuka. Kumeneko njira ya moto mumaisamalira kuchokera kunja. Masulani kansonga kovalapo kapu (kachipewa kachitsulo kogwira ntchito ya primer), kaviikeni, katokoseni, ndipo kakayamba kuphwanyika pamutu kapena bowo lake likakula kasintheni. Ngati paipi imachoka pa mtengo wake, imikani mbali ya kumbuyo m'chidebe cha madzi ofunda a sopo, lowetsani ndodo yokhala ndi kansanza kothina, ndi kumapopa. Madzi amalowa ndi kutuluka pa bowo la kansonga n'kutsuka ngodya zonse zimene bulashi singafike. Zambiri mwa mfutizi zili ndi kachipinda kochepa m'kati mwa pulagi, kocheperapo kuposa paipi, kamene kansanza wamba sikalowamo. Kameneko kamafuna bulashi yaing'ono. Umitsani bwino, pakani girisi pang'ono pa mathiredi a kansonga, bwezerani. Pa ya mwala, tokosani kabowo ka m'mbali musanathire wonga woyatsira m'kambale ka pambali pa kabowoko.

Posunga mfuti nyengo ikatha

Tsukani tsiku lomwe mwawomba, ngakhale mwawomba kamodzi kokha. Pakani mafuta ochepa m'paipi, ndipo imikani mfuti kamwa kuloza pansi, pa kansanza, kuti mafuta azitsikira kukamwa osati ku pulagi. Ngati ikhala miyezi yambiri, ndi bwino kuchotseratu pulagi, kuiika youma m'kathumba kotseka pamodzi ndi biti yake ndi kawaya kake, ndi kumangirira kathumbako pa mfuti yomweyo. Wonga ndi maprimer zikhale kwina, m'zitini zake zotseka bwino, pouma ndi pokhoma. Nyengo ina ikamayandikira, pukutani mathiredi a m'paipi, pakani girisi watsopano pa pulagi, ndipo kawombeni pa bwalo kusanatsale sabata kuti mukalowe m'tchire, kuti ngati kabowo kakula mukhale ndi nthawi yoitanitsa pulagi ina.